Chitsulo Chatsopano M'boti Lakale

Inu amene mumagula ndunduma ndi chisawasawa pa msika wa Ndirande kapena ku Mchesi mumadziwa mtengo wa mulu uliwonse, ndipo kunenerera simufuna kuphunzitsidwa. Mulu ukachepa mumati ndi dizilo, ndipo simunama. Koma pali chinthu chinanso chimene chili ndi dzanja pa ndiwo zanuzo, chomwe ngakhale anyamata okoka ukonde sachiona kawirikawiri poti chimakhala pansi pa matabwa amene amapondapo. Ndi ndodo yachitsulo, kutalika kwake ngati munthu wamkulu ataimirira, imene imalandira mphamvu kuchokera ku injini n'kukaipereka kwa pulopela m'madzi. Amisiri amaitcha shafuti. Ndodo imeneyi ikangopindika pang'ono, mwina moti diso silingaone, boti limaima, ndipo kumtunda moto umazima m'makhitchini angapo nthawi imodzi.

Usodzi wokoka ukonde ndi maboti a injini udayamba kumwera kwa nyanja yathu mu 1968. Maboti amatabwa amayenda awiriawiri, ili uku ilo uko, ukonde uli pakati, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Injini zake si zopachika kumbuyo zija zimene munthu amatha kuzula n'kupita nazo kunyumba paphewa. Izi zimakhala m'mimba mwenimweni mwa boti, zomangidwa ndi mabawuti pa mitanda iwiri ikuluikulu. Tsono poti ukonde ndi umodzi, boti lina likadwala linzake nalonso limagona pagombe. Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, ali ndi boti lotere kufupi ndi Namiasi ku Mangochi, ndipo kwa zaka zambiri ankakoka ndi mnzawo wina wa pagombe lomwelo. Fizi ya diploma imene ndimadyera lero idachokera m'boti limenelo. Choncho amalume akaimba foni sindiyankha kuti ndatanganidwa.

Injini ya m'botimo ndi Lister ya masilinda 2, yozizira ndi mphepo, yoliza pamanja ngati ya zigayo zakale zija. Pa kachitsulo kokhomedwa m'mbali mwake pali dzina la R. A. Lister ndi la tauni ya Dursley ku England. Kampani imeneyi idaphatikizana ndi ya Petter mu 1986, ine ndisanabadwe, kutanthauza kuti injiniyi ndi mkulu wanga ndipo ndiyenera kuipatsa ulemu. Chilichonse cha pathupi pake chidayezedwa m'mainchi. Masipeya ambiri amene akufika m'masitolo mwathu masiku ano ndi oyezedwa m'mamilimita. Sipanala ya mamilimita 13 imaoneka ngati yakwana pa bawuti la theka la inchi, koma theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndipo mukakoka mwamphamvu imatererapo n'kudya ngodya za bawutilo. Nkhani yonse ya boti la amalume ili m'timipata tating'ono ngati timeneti.

Mu Meyi 2022, m'bandakucha wina, pulopela idagunda chipika chomira. Injini siidazime, ndiye amalume adati palibe chaonongeka. Boti lidayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, koma poti nsomba zinkaphedwa adapitiriza kwa masabata awiri. Madzi adayamba kulowa pomwe shafuti imatulukira kunja, mwakuti mnyamata mmodzi ntchito yake idangokhala yokapa ndi chigubu chodula. Giyabokosi idayamba kudontha oyilo. Tsiku lomwe anyamata adakana kukwera ndi lomwe amalume adatumiza uthenga kwa mkulu wina amene gombe lonse limangowatcha Amisiri.

Bambo amenewa adaphunzira ntchito ali mnyamata ku Mpwepwe, komwe kuli sukulu ya zausodzi ndi malo okhomera maboti. Ndi aafupi, osayankhulayankhula, ndipo zida zawo zonse zimakwana m'chikwama chimodzi cha saka. Boti litakokeredwa pamchenga adasolola shafuti, naigoneka pa mitanda iwiri, nakhoma msomali pambali pake, n'kuyamba kuitembenuza pang'onopang'ono. Pena inkakhudza msomali uja, pena inkautalikira. Adaonetsa amalume zimenezo kawiri, osanena kanthu, kenaka adapempha pepala ndi pensulo.

Kwa inu amene simudasuzumirepo pansi pa boti, mphamvu imayenda motere. Injini imazunguza giyabokosi, yomwe imachepetsa liwiro ndi kusankha kutsogolo kapena kumbuyo. Kumbuyo kwa giyabokosi kuli mbale yachitsulo, ndipo kumutu kwa shafuti kuli mbale inanso. Ziwirizi zimayang'anizana n'kumangidwa ndi mabawuti 4. Shafuti imadutsa m'paipi yoboola thupi la boti. Pakhomo la paipiyo, chamkati, pali kabokosi kodzaza ndi chingwe chonona ndi girizi choletsa nyanja kulowa. Kumapeto kwake, chakunja, kuli bushi ya mphira yomwe shafuti imagonapo. Kenaka pulopela. Chimodzi mwa izi chikapotoka chimapatsira zinzake, ngati chifuwa m'nyumba ya chipinda chimodzi. Shafuti yopindika ija idali itadya bushi, yadya chingwe, yaononga bering'i ya m'giyabokosi ndi mphira wotsekera oyilo. Mbale ya kumutu kwake idali ndi mng'alu.

Pepala la Amisiri lidandipeza ku Blantyre ngati chithunzi pa WhatsApp, poti ine ndiye wa m'tauni. Ndalama zidasonkhanitsidwa movutikira. Amalume adakongola, mayi adagulitsa matumba a chimanga amene adasungira miyezi ya njala, ine ndidaikapo za nkhani zitatu zomwe ndidali nditangolandira. Ndidayenda Limbe yense, sitolo ndi sitolo, ndipo ndidalemba mitengo m'kope. Sabata yomweyo, kumapeto kwa Meyi, kwacha idagwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse. Nditabwerera ndi ndalama m'manja ndidapeza zitsulo zomwe zija zili pa mashelefu omwe aja, fumbi lake lomwe lija, koma mitengo ili ina.

M'sitolo ina mnyamata wogulitsa, atamva kuti giyabokosi yathu ikudontha, adanditengera kuseri. "Bwana, mukuvutikiranji ndi zakalekale? Tengani iyi, ya m'bokosi, sinagwirepo ntchito. Mukamanga lero mawa muli panyanja." Idalidi yokongola, utoto wake ukunyezimira. Ndidaimbira Amisiri.

"Pali kachitsulo pamwamba pakepo. Tawerengani, a mtolankhani."

"Palembedwa 2:1."

"Isiyeni pomwepo."

Giyabokosi ya amalume ndi ya 3:1, kutanthauza kuti injini ikazungulira katatu pulopela imazungulira kamodzi. Injini ikamathamanga maulendo 1,800 pa mphindi, pulopela imapanga 600. Ya 2:1 ikadafuna kuti ipange 900. Pulopela yokokera ukonde ndi yaikulu, idapangidwira kukankha madzi ambiri mosafulumira, ndipo kuikakamiza liwiro lotero n'kuibanikitsa injini: utsi wakuda, dizilo wambiri, mphamvu pang'ono. Tikadagula giyabokosi ija tikadafunikanso pulopela yaing'ono, yomwe ukonde wodzaza siiutha. Chikomekome cha mkuyu. Tidangogula bering'i ndi mphira wotsekera oyilo, ndipo giyabokosi yakale idakhalabe pamalo pake.

Shafuti sigulidwa yothaitha. Chimene ndidapeza ndi ndodo chabe ya chitsulo chosachita dzimbiri, ya inchi imodzi ndi theka monga pepala lidanenera, yofunika kusemedwa mbali zonse ziwiri. Pa ntchito imeneyo Amisiri adakana kutuma munthu. Adakwera minibasi ya ku Mangochi kudzera ku Liwonde ndi Zomba, pulopela yamkuwa itakulungidwa m'thumba la feteleza ili pamiyendo, kondakitala akufuna kuti ilipire mpando wake. Usiku umenewo adagona pamphasa m'chipinda changa, pulopela ili kumutu.

M'mawa tidapita kukatenga mbale yatsopano. Amisiri adatulutsa choyezera chawo cha nsagwada ziwiri, nayeza dzenje la mbaleyo, nayezanso ndodo. Dzenje lidali la mamilimita 38. Inchi imodzi ndi theka ndi mamilimita 38.1. Kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, pafupifupi kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope la mwana wasukulu. Wogulitsa adaseka. "Madala, kamenekonso n'kanthu? Ingoitenthetsani pamoto, muimenye ndi nyundo, ilowa yokha." Amisiri adayankha kuti kulowa ilowadi, koma chitsulo cholowa mokakamiza chimasunga mkwiyo: mbale ikhoza kung'aluka ngati inzake ija, kapena kukhala chopendekeka, ndipo tsiku lofuna kuichotsa palibe adzaithe. Adagula mbaleyo, koma adati dzenje lake likakulitsidwe pa makina.

Makinawo tidawapeza m'shedi ina ya osema zitsulo. Kumeneko kudali nkhani inanso. Kumchira kwa shafuti, komwe kumalowa pulopela, chitsulo chimasemedwa mopyola ngati nsonga ya pensulo, ndipo dzenje la pulopela limapyola chimodzimodzi kuti ziwirizi zigwirane thupi lonse. Mapulopela a mainchi a mtundu wa amalume amapyola inchi imodzi pa mainchi 12 alionse. A mamilimita kawirikawiri amapyola 1 pa 10. Mnyamata wa pamakina, wa satifiketi yake ndithu komanso waulemu, adali atazolowera 1 pa 10. Apa ndi pomwe ndidamvetsa chifukwa chimene pulopela idakwerera minibasi. Amisiri adaiika patebulo nati, "Mwanawe, usafunse buku, funsa mwini wakeyu." Adasema pang'ono, kuyesa, kusemanso, kuyesanso. Magetsi adazima masana, tidadikira mpaka madzulo. Ntchito yomwe ndinkayesa ya ola limodzi idatenga masiku awiri.

Ndili chikhalire pa chitini m'shedimo, kudikira magetsi, ndidalingalira kuti nyanja yathu zimenezi idaziona kalekale. Mathithi a mumtsinje wa Shire salola sitima kuchoka kunyanja yamchere n'kudzafika kuno ikuyandama, choncho sitima zikuluzikulu zidabwera zidutswazidutswa. Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, idapangidwa ku Glasgow n'kuphwasulidwa m'zidutswa 3,481. Chidutswa chilichonse chidali ndi nambala, koma manambalawo adakwiririka pomwe zitsulozo zinkakutidwa ndi choteteza dzimbiri ngati cha pamalata. Olumikiza adachita kuyesa chimodzichimodzi kwa zaka ziwiri, ndipo sitimayo idalowa m'madzi mu 1901. Ilala nayo idapangidwa ku Glasgow komweko mu 1949, idabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, idalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Mabuku amasunga maina a makampani amene adapanga zitsulozo. Maina a anthu athu amene ankagwira sipanala ndi nyundo pagombe sapezekamo kawirikawiri.

Tidafika ku Namiasi mu Juni, mwera utayamba kuomba. Boti lidali litakhala pamchenga masabata asanu, ndipo mnzawo wa amalume uja adali atatopa. Sindimuimba mlandu: naye adali ndi anyamata ofuna kudya, ndipo boti lake lidalibe vuto lililonse. Adanena poyera kuti Lolemba likudzalo akapanda kumva Lister ikulira akakoka ndi boti lina. Limenelo lidali Lachitatu.

Amisiri adagwira ntchito ngati sadamve. Bushi yatsopano ndi kapaipi kamkuwa kokutidwa mphira m'kati, mphirawo uli ndi tingalande kuti madzi azidutsa, poti madzi omwewo ndiwo mafuta ake. Sadaimenye ndi nyundo. Adapisa bawuti lalitali pakati pake, mawashala uku ndi uku, n'kumamanga nati pang'onopang'ono mpaka bushi idalowa yokha m'malo mwake. Polowetsa shafuti adaipaka sopo. Pulopela adayamba aiveka popanda kiyi, kachitsulo kaja kamene kamakhala m'ngalande kuti pulopela isazungulire payokha, nalemba chizindikiro pomwe yafika. Kenaka adaika kiyi n'kuivekanso. Idalekezera patali pang'ono ndi chizindikiro chija. Adachotsa kiyi, kuipala ndi tupa, kuyesanso, kanayi konse, kufikira pulopela idafika pamzere. Adati pulopela yokhalira kiyi m'malo mokhalira shafuti imagwedera, ndipo tsiku lina imatsala pansi pa nyanja.

Chingwe cha girizi sadachikulunge ngati mpango. Adachidula mphete zitatu, iliyonse yokwana kuzungulira shafuti kamodzi, ndipo polowetsa adaonetsetsa kuti podulira pa mphete ina pasayang'anizane ndi podulira pa inzake, kuti madzi asapeze njira yolunjika. Nati ya kabokosiko adaimanga ndi dzanja lokha. Mdzukulu wawo wa zaka ngati 14, amene ankawagwirira tochi, adafunsa chifukwa chake sakumangitsa. Adamuuza kuti pamenepo payenera kudontha pang'ono boti likamayenda. Pakauma gwa pamatentha, ndipo chingwe chotentha chimadya shafuti.

Lachisanu madzulo anthu adakankhira boti m'madzi. Amalume adali atagula kale dizilo. Chidatsala ndi mabawuti 4 olumikiza mbale ziwiri zija. Amisiri adasamba m'manja, nalongedza zida m'chikwama, nati adzabwera Lachitatu.

"Lachitatu? Amisiri, boti lili pamadzi, injini ili momwemo. Mukundiuza kuti ndikhale masiku asanu ndikuyang'ana nyanja?"

"Mabawutiwo mwana aliyense angamange, achimwene. Mukafuna mangani. Koma dzina langa lisamvekepo."

"Anzanga aja anena za Lolemba. Simunamve?"

"Ine ndamva. Matabwawa ndi amene sanamve."

Chimene ankatanthauza n'chakuti boti lamatabwa lili ndi maonekedwe awiri, ena pamtunda ena pamadzi. Likakhala padzuwa masabata asanu matabwa amauma n'kufota, ndipo msana wake umapindika motsata mitengo imene lagonapo. Likabwerera m'madzi limamwa, limatupa, limadziongola, ndipo mitanda yonyamula injini imasuntha nalo limodzi. Mukalunjikitsa injini ndi shafuti tsiku loyamba, pakutha pa sabata mzere uja wathawa. Shafuti yomangidwa mokhota imapindidwa uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse, maulendo 600 pa mphindi, tsiku lonse. Mapeto ake ndi bering'i yakufa, bushi yodyeka, ndi ulendo wina wa ku Limbe.

Amalume adatembenukira kwa ine. "Iwe wophunzira, tawauza akuluwa." Ndidayankha chimene ndinkadziwa, poti kope la mitengo lidali m'thumba mwanga: ndalama zogulira shafuti yachiwiri padalibe amene adali nazo, ndipo mayi adalibenso chimanga china chogulitsa. Amalume sadandiyankhe. Mabawuti aja adawatenga n'kuwaika m'thumba la malaya awo, ndipo masiku onse asanu ankayenda nawo. Ndinkawamva akulira ngwe ngwe akamadutsa. Kuti awamange okha sadawamange.

Lolemba m'bandakucha tidamva injini ziwiri zikutuluka pagombe. Ina idali ya mnzawo uja, ina ya mlendo. Anyamata atatu a m'boti la amalume adapita nawo. Tsiku limenelo amalume sadadye nafe nsima. Adakhala pansi pa mtengo wa bwemba akusoka ukonde womwe udalibe pong'ambika.

Lachitatu Amisiri adafika kusanache, poti m'mawa nyanja imakhala bata mwera usanadzuke. Adatulutsa chida chomwe ndidali ndisanachionepo pafupi, chokhala ngati mpeni wopinda wa masamba ambiri, tsamba lililonse lopyapyala mosiyana ndi linzake, nambala yake yolembedwa pamwamba. Adakokera mbale ya shafuti kufupi ndi ya giyabokosi kufikira zidakhudzana, popanda bawuti ngakhale limodzi, n'kuyamba kupisa tsamba pakati pake: pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Lamulo la amisiri a maboti limati pa inchi iliyonse ya kukula kwa mbale, mpata usapitirire gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi. Mbale yathu idali ya mainchi 4, ndiye malire ake adali magawo 4, omwe ndi pepala limodzi lija la m'kope. Pamwamba padalowa masamba atatu ophatikiza. Lachisanu lija, adatero Amisiri, mpata umenewu sudali pamenepo.

Mpata ukakhala pamwamba ndiye kuti mutu wa injini wagwa ndipo uyenera kukwezedwa. Adamasula mabawuti a miyendo ya injini, anyamata awiri adaitukula ndi chitsulo chachitali, iwo n'kulowetsa pansi pa miyendo yakutsogolo tizitsulo topyapyala tomwe adadula ndi sizasi ku chitini cha mafuta ophikira. Kumanga, kuyeza. Mpata udathawira kumanzere. Kumasula, kukankha injini ndi mtengo pang'ono chabe, kumanga, kuyeza. Bawuti lililonse likamangidwa limakoka injini mbali yake, choncho muyezo wa mabawuti omasula ndi wabodza. Akapeza bwino ankatembenuza shafuti pang'ono n'kuyezanso malo anayi onse. Ndidawerenga maulendo 11. Dzuwa lili pamutu, mafunde atayamba kugwedeza boti, tsamba lopyapyala lija lidakana kulowa mbali zonse. Amisiri adatambasula dzanja osayang'ana kumbuyo, ndipo amalume adaikamo mabawuti aja.

Poyesa tidapita chakuya pang'ono. Lister sidziwa kunong'ona, imagunda ngati mtondo, koma kunjenjemera kuja kwa m'matabwa a kumapazi kudali kutatha. Patapita ola Amisiri adagwira kabokosi ka chingwe, nagwiritsa amalume, nagwiritsanso mdzukulu uja. Kadali kofunda pang'ono, koti dzanja n'kukhalapo osachotsa. Madontho ankagwa atatu kapena anayi pa mphindi. Pobwerera, akupukuta zala ndi sanza, adandiuza kuti chitsulo chatsopano chili ngati mkamwini. Abwere ndi suti, abwere ndi galimoto, mudzi suusuntha kuti umutsate. Amayamba waphunzira pomwe pali khomo la apongozi.

Powerengera ndalama madzulo ake ndidaona chinthu chomwe chimandivutabe. Pa zonse zimene tidalipira, za Amisiri ndizo zidali zochepa kwambiri, kuchepera ngakhale mtengo wa mbale ija. Komabe ndi pa ndalama zimenezo pokha pomwe amalume adanenerera. Kusitolo tidapereka zomwe tidauzidwa, mitengo itakwera tikuona, chifukwa chitsulo chimagwirika ndipo chimabwera ndi lisiti. Masiku asanu odikira ndi maulendo 11 oyeza alibe lisiti. Si amalume okha. Tayendani m'maboma athu muone mijigo yosatulutsa madzi, majenereta ogona kuseri kwa maofesi, mathirakitala omera udzu. Tikafunsa timauzidwa kuti masipeya kulibe ndipo ndalama zakunja zikusowa, zomwe n'zoona. Koma kangati pomwe sipeya idabwera, idamangidwa tsiku lomwelo ndi munthu wofulumira, n'kufanso mwezi usanathe? Pamwambo wolandira makina atsopano pamakhala nduna, magule ndi ojambula. Munthu wodziwa kuti inchi imodzi ndi theka si mamilimita 38 saitanidwa.

Kudikira kuja kudali ndi mtengo wake, ndipo amalume ndiwo adaulipira. Boti lidakhala lokonzeka koma lopanda mnzake mpaka mu Julaye, pomwe adagwirizana ndi mwini boti wina wa gombe loyandikana nalo. Ngongole idatha mochedwa. Ndi mnzawo wakale uja amapatsana moni pamaliro ndi pamsika, koma sakhalanso pamkeka umodzi. Kwa miyezi ingapo dzina la Amisiri likatchulidwa amalume ankangoti, "Aja ochedwa aja." Mu Novembala 2023 kwacha idagwanso, ulendo uno ndi K44 pa K100 iliyonse, ndipo amalume adandiimbira kundifunsa kuti ndodo ngati ija yafika pa zingati ku Limbe. Nditawauza adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa za thanzi langa n'kudula foni.

Nditapitako mu 2024 ndidapeza shafuti ili yomweyo, bushi yomweyo. Amisiri maso adali atayamba kuwavuta, moti manambala a pa masamba aja ankawawerengera ndi mdzukulu. Mnyamatayo anzake amamunena kuti akutaya nthawi ndi zitsulo za agogo pomwe njinga zamoto za kabaza zikubweretsa ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo iye mwini sadanene kuti asankha ziti. Amalume nawo adaonjeza mwambo umodzi pa ulendo wawo wa m'mawa. Injini ikalira ndipo boti likangochoka pagombe, amatukula thabwa la kumbuyo, kuunika ndi tochi ya pafoni, kuika dzanja pa kabokosi kaja n'kuwerenga madontho. Akakwana amabwezera thabwa, n'kukweza dzanja kuuza a boti linalo kuti aponye ukonde.